Bokosi Limene Ndinalimana Mpweya

Amayi anzanga, ndi inu atsikana mwakhala kumbuyoko, mundikhululukire kuti ndikuwerenga papepala. Ndikati ndilankhule za pamtima mawu amandithawa. Ndiye ndalemba, kuti ndikafika povuta ndisakhote.

Ndiyambe ndi chimene ndakhala ndikubisa. Inveta ya sola ya pa tchalitchi chathu chino cha kwa Mlolo, ija inapsa tsiku la ukwati, sinali ya gong'a, yachinyengo, ayi. Inali yabwinobwino. Amene anaiwotcha ndine. Ndipo mawu akuti gong'a, amene anawavula ulemu a Mbewe, mkulu wa mpingo amene anakaigula ku Chipata, anayambira pakamwa panga pano.

Kwa inu amene simundidziwa, ndine Nabanda, amake Tadala. Ndinaphunzira za magetsi ku koleji ya ntchito zamanja, satifiketi ndili nayo. Ndinabwera kumudzi ndi zinthu ziwiri, satifiketiyo ndi mimba. Bambo wa mwanayo anapita ku Lusaka kukafuna ntchito, ndipo foni yake mpaka lero imangoti siyikupezeka. Ndiye pamene mpingo unagula sola yoti tiziyatsira mababu ndi zokuzira mawu, a Mbewe n'kunena pagulu kuti "tilemberenji munthu wa ku boma mwana wathu ali pompano," ndinaona ngati Mulungu wanditsegulira khomo. Mukukumbukira ndili padenga paja, nditamanga chitenje pamwamba pa thalauzi, anyamata akuseka pansi kuti mkazi akagwa tisamuwakhe. Sindinagwe. Mababu anayaka.

Koma ine ndine munthu wamantha, chibadwire. Ndikatseka chitseko ndimabwerera kukachigwedeza. Mwana akagona ndimaika chala pamphuno pake. Ndiye nditayang'ana inveta ija, kabokosi kamene kamasandutsa moto wa m'batire kukhala magetsi enieni, ndinaona adani okhaokha. Makoswe adzadya mawaya. Mavu adzamanga nyumba m'kati. Fumbi lidzalowa. Ana a Sande sukulu adzapisamo zala. Ndinatenga thiranki yanga yachitsulo imene ndinkapita nayo ku sekondale, ndinaikamo inveta ndi kontorola yake, kachipangizo koyang'anira moto wolowa m'batire, ndinaboola timabowo ta mawaya tokha, n'kumata m'mbali mwa timabowoto ndi phula kuti ngakhale nyerere isapeze polowera. Ndinakhoma loko. Inu amayi, mwa chikondi chanu, munasoka nsalu yoyera yopeta maluwa n'kuvundikira pamwamba, monga timachitira ndi wailesi kapena TV kunyumba, chifukwa chinthu chaulemu sichikhala pamtunda. Pamwamba pa nsaluyo panabweranso maluwa a pulasitiki. Zinali zokongola. Ine ndinawomba nawo m'manja.

Musaganize kuti sanatiphunzitse. Anatiphunzitsa kuti chipangizo chilichonse chamagetsi chikamagwira ntchito chimatulutsa kutentha, ndipo kutenthako kumafuna potulukira. Funso limenelo pa mayeso ndinalikhoza. Koma mantha a makoswe anali pafupi, pomwe za kutentha zinali m'buku.

Nyengo yozizira yonse zinayenda bwino. Kenako unafika Okutobala, malata akulira okha ndi dzuwa. Tsiku la ukwati lija kwaya inalumikiza kiyibodi, zokuzira mawu zonse zili pamwamba, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu. Nyimbo ili pakati, zonse zinangoti zii. Kenako fungo la pulasitiki wopsa. Ndinathamangira m'kachipinda ka akulu a mpingo, ndinachotsa nsalu, ndinagwira chivundikiro cha thiranki, chikhato changa n'kupsa ngati ndagwira chiwaya chokazingira mtedza. Pomwepo ndinadziwa chimene ndachita. Panalibe chofufuza.

A Mbewe anafika kumbuyo kwanga, anthu atadzaza pakhomo.

"Nabanda, chachitika n'chiyani mwana wanga?"

Ndinayang'ana nkhope zonse zija, ndi anyamata ankaseka aja ali pomwepo. Ndinati, "Zinthu za gong'a zimatero."

Mawu amenewo anayenda mudzi wonse tsiku lomwelo. Anthu anati a Mbewe anagula chotchipa, zotsalazo n'kuika m'thumba. Anasiya kukhala kutsogolo. Ankakhala pa benchi lakumbuyo, chipewa chili pamawondo, ndipo akandiona ankandipatsabe moni, "Wadzuka bwanji Nabanda? Kamwana kali bwanji?" Moni umenewo unkandiwawa kuposa kutukwanidwa.

Zotsatira zake ndizinena mwachangu, chifukwa zinachitikanso mwachangu. Tulo tinatha. Mtima unkagunda ngati ndathamanga, ndili chikhalire. Mnzanga wina anandipatsa kachasu pang'ono pa kachivundikiro, nati mtima ukhale pansi. Unakhaladi pansi. Mawa lake ndinafuna tivundikiro tiwiri. Posakhalitsa ndinkayenda naye m'kabotolo ka mankhwala a chifuwa, kuti ondiona aziti ndikudwala. Ndinasiya kubwera Lachinayi ku misonkhano yathu ino. Ndinagulitsa mita yanga yoyezera magetsi, kenako chowotcherera mawaya, kenako mapulayasi. Munthu wa satifiketi, ndinatsala ndi sikuludiraiva imodzi yopindika.

Tsiku lina lamsika ndinamwa m'mawa ndisanadye kanthu. Pobwerera ndinakhala pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa njira, ndinamasula Tadala kumbuyo kuti ndipume pang'ono. Ndinagona. Mwanayo, amene anali atangoyamba kuyenda, anatsata nkhuku mpaka pa chitsime cha kudimba, chija chilibe chivundikiro. Anamutola ndi mayi wina wochokera kothirira, ali chogwada m'mphepete akuyang'ana nkhope yake m'madzi. Mayiyo ali muno. Sindikutchulani dzina, koma Mulungu akudziwani.

Amalume anga a Gedioni, eni mbumba yathu, sanakalipe. Bola akanakalipa. Anandikhazika pamphasa n'kunena motsitsa mawu.

"Mwana uyu si wako wekha, ndi wa mbumba. Mawa apita kwa Zingalume, kwa akulu ako a Esinati."

"Amalume, ndisiya. Ndalumbira."

"Walumbira kangati? Pakamwa pako pakununkha lumbiro la dzulo."

Anamukweza pa njinga atamumanga ndi chitenje kumsana kwa akulu anga. Ine ndinaima pakhomo mpaka fumbi litatha, kenako ndinapita kukamwa. Ndikunena poyera kuti wina amene ali mu dzenje limeneli adziwe kuti kulandidwa mwana pakokha sikuletsa munthu kumwa. Kumangowonjezera chifukwa.

Dzinja lili pakati, chimanga chitamasula, ndinalandira uthenga kuti Tadala wadwala. Ndinabwereka njinga. Ndinafika kwa Zingalume masana, thukuta likununkha kachasu wa dzulo lake. Ndinamupeza m'nyumba, chitseko ndi zenera zili zotseka, atamufunditsa mabulangete awiri, kumutu chipewa chaubweya. Ankanjenjemera, maso ali gwa. Ine ndinavula chitenje changa n'kumufunditsanso pamwamba. Tinamunyamula chomwecho, ngati mtolo, mpaka ku kiliniki.

Anesi ake anali mayi wamfupi wolankhula mosanyengerera. Atangomugwira pachipumi anatiyang'ana tonse awiri.

"Amake ndani apa?"

Akulu anga anandiyang'ana. Ine ndinakweza dzanja ngati mwana wasukulu.

"Ndiye inu amake, mwana akutentha chonchi, mwamukulunga ngati chikondamoyo, mukufuna apse bwino? Chotsani zonsezi!"

"Akunjenjemera, anesi. Akumva kuzizira."

"Akunjenjemera inde, koma m'katimo muli moto. Mwautsekera. Uzitulukira kuti?"

Anamuvula mpaka anatsala ndi kathewera. Anamuyeza magazi, anati ndi malungo, anamupatsa mankhwala. Kenako anandipatsa kansalu konyowetsa m'madzi ofunda pang'ono kuti ndizimupukuta, ndi chibenthu cha katoni.

"Muzimukupiza. Koma osati mpaka mawa ayi. Ndizibwera kudzamuyeza. Kutentha kukatsika musiye, angazizidwe. Kukakweranso muyambirenso."

Ndinakhala pa benchi lija, zenera lili lotsegula, mwana wanga ali gone pamiyendo panga, khungu lake likuwotcha ntchafu zanga kudutsa siketi. Ndinakupiza. Dzanja likatopa ndinkasinthira lina. Ndinkaona timatsitsi ta pachipumi pake tikugwedezeka ndi kamphepo ka katoni. Patapita nthawi anesi anabwera, anamuika choyezera m'khwapa, anati, "Pitirizani." Ndinapitiriza. Thukuta linayamba kutuluka pamphuno pake, timadontho ting'onoting'ono. Anesi anabweranso, anayeza, anati, "Basi, siyani kaye." Ndinasiya. Tadala anapuma mpweya wautali, natembenuza mutu, n'kugona tulo tenitulo.

Amayi, ndili chigwirire katoni ija ndinaona thiranki yanga. Phula lija, loko uja, nsalu yoyera ija. Chimene ndinachitira inveta ndi chomwecho ndinali nditangochitira mwana wanga, ndipo zonse ziwiri ndinazichita poganiza kuti ndikuteteza. Ndinaonanso chinthu china, ndipo mwina museka kuti mayi ali ndi mwana wodwala akuganiza za mawaya. Ndinaona kuti anesi ndi ine tinali makina amodzi. Iwo akuyeza n'kulamula, ine ndikukupiza. Chinthu choyeza, chinthu chogamula, chinthu chokupiza. Zonsezo ndinaziphunzira. Zikanatheka kuikidwa m'thiranki muja ndi tizipangizo tokwana m'chikhato.

Ndinayamba kulira. Akulu anga anadabwa.

"Iwe, mwana wapeza bwino, ukulira chiyani?"

Ndinawauza zonse, za thiranki, za a Mbewe, za bodza. Aka kanali koyamba kuzitulutsa pakamwa. Nditamaliza anati, "Ndiye nkhalamba ija ikukhala kumbuyo chifukwa cha iwe? Pukuta mamina. Ukachoka kuno usakafikire kwanu."

Sindinafikire kwathu. Ndinawapeza a Mbewe pakhonde akukonza goli la ng'ombe. Ndinagwada patali.

"Fika pafupi Nabanda, ine si apongozi ako."

Ndinanena. Sanasiye kusema mpaka nditamaliza. Kenako anaika kasemasema pansi.

"Kuti sindinagule gong'a ndinkadziwa. Chimene chinkandisowetsa tulo n'chakuti mwina ndine wopusa, anandipusitsa m'sitolo. Ndiye wandimasula. Sindine wakuba, sindinenso wopusa."

"Ndikanene pa mpingo Lamulungu likubwerali."

"Ayi. Ukaima kutsogolo uko lero, mawa tikakutola ku kachasu. Udzanena ukadzalimba miyendo. Ine benchi lakumbuyo ndalizolowera, kumawomba kamphepo. Kukhululuka ndakhululuka. Koma tchalitchi chikadali mumdima, ndipo wodziwa mawaya kuno ndi iwe wemwe."

A Mbewe, ngakhale muno ndi mwa amayi okha, mawuwa akupezeni: lero ndi tsiku lija munanena. Miyendo yalimba, ndaima.

Tsopano ndinene njira imene ndinabwerera, mwina ithandiza wina. Sindinasiye mowa ndi mphamvu zanga ayi. Ndinapita kwa mayi amene ankandigulitsa, masana anthu akuona, ndinamuuza kuti akadzandionanso pakhomo pake andithire madzi. Anaseka, koma anamva. Ndinasintha njira ya kumsika, ndinayamba kuzungulira kusukulu ngakhale ndi kutali. Nthawi imene khosi linkandivuta kwambiri inali chakumadzulo dzuwa likapendeka, ndiye nthawi imeneyo ndinkapita kwa amayi a kwa a Mbewe kukawathandiza ntchito iliyonse, kusenda, kupeta, kutsuka, bola manja asakhale chabe. Ndinapitanso ku kiliniki kukawauza za mtima wogunda ndi kusowa tulo, ndipo anandipeza wondilangiza. Ndinagwa kamodzi, pa maliro ena, sindibisa. M'mawa mwake ndinakadziulula ndekha kwa amalume asanamve kwa anthu.

Amalume anati, "Wachita bwino kubwera wekha. Tamva tsono. Mpingo ukuti ukagula makina ena pa zamasika, a Mbewe akuumirira kuti uike ndiwe. Ika. Okutobala akadutsa makinawo osapsa, iwenso osapsa, ukamutenge mwana."

Ndiye mumvetse kuti pamene ndinkalumikiza tizipangizo tija, sindinkapanga za tchalitchi zokha. Pa waya aliyense panali Tadala.

Zida ndinalibe. Ndinapita ku boma kwa bambo wina wokonza ma TV, amene ali ndi mulu wa zinthu zakufa kuseri kwa shopu yake. Anati, "Asisi, kumeneko ndi kumanda, fukulani amene mukumufuna." Ndinapezako bokosi la magetsi la kompyuta yakufa. M'kati mwake munali pafupifupi zonse zimene ndinkafuna, kuphatikizapo fani yaing'ono yokupiza mphepo. Bamboyo anandibwereka chowotcherera ndi mita, ine n'kumuthandiza ntchito zake masiku amsika.

Atsikana amene munaphunzirako za magetsi, mverani apa, ndipo amayi enanu musatope, si zovuta. Mungafunse kuti bwanji osangoika fani yozungulira usana ndi usiku? Chifukwa imadya batire imene tikufuna iyatse mababu, imakoka fumbi ngakhale pamene palibe chifukwa, ndipo imatha msanga. Fani iyenera kuchita monga anandiuzira anesi: ikupize pakatentha, isiye pakazizira.

Choyeza chake ndi kanthu kakang'ono ngati njere ya mapira, dzina lake themisita. Kakatenthedwa kamalola magetsi kudutsa mosavuta, kakazizira kamawakaniza. Ndinakalumikiza mondondozana ndi rezisita wamba, kanthu kochepetsa magetsi odutsa, kuti mphamvu ya magetsi pakati pa ziwirizo izisintha motsata kutentha. Chogamula ndi kachipangizo ka miyendo isanu ndi itatu kamene ntchito yake ndi kufananiza mbali ziwiri. Mbali imodzi ndinaipatsa uthenga wochokera ku themisita, mbali inayo ndinaipatsa malire, amene ndimawasuntha ndi kopotokola kakang'ono. Kutentha kukapyola malire, kachipangizoko kamatsegula thiranzisita, imene ili ngati swichi, thiranzisita n'kupereka moto wa batire ku fani. Pa mawaya awiri a fani ndinapingasa dayodi, kanthu kolola moto kudutsa mbali imodzi yokha, chifukwa fani ikamazima imabweza moto chambuyo, ndipo moto umenewo umapha thiranzisita. Pa waya wochokera ku batire ndinaika fiyuzi yaing'ono. Imeneyo musaiwale, ngakhale mutafulumira bwanji.

Kuti ndiike malire pamalo oyenera, ndinabwereka choyezera kutentha kwa mayi wina woweta anapiye. Ndinakulunga themisita m'kapulasitiki, ndinaiviika m'kapu ya madzi otentha pamodzi ndi choyezeracho, ndinadikira madzi atsike kufika pa madigiri makumi anayi ndi asanu, n'kupotokola mpaka fani itadzuka. Inazungulira! Ndinavina ndekha m'nyumba.

Chimwemwe chimenecho sichinakhalitse. Nditaika zonse pa inveta yatsopano kuyesa, fani inayamba misala. Kuyaka, kuzima, kuyaka, kuzima, ngati munthu wachibwibwi. Ikangokupiza pang'ono themisita inkazizira, fani n'kuzima, pomwepo kutentha n'kubwerera, fani n'kudzukanso. Ndinadziwa kuti ikapitiriza chonchi siifika Okutobala. Ndinakhala pansi m'kachipinda kaja, mtima unayamba kugunda kugunda kwake kuja, ndipo khosi linandiuza njira yachidule yopita kwa mayi wa kachasu. Ndinatuluka. Ndinafika mpaka pa mphambano. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, anthu akundidutsa ndi njinga. Kenako ndinakhotera kwa a Mbewe.

"Yakana," ndinatero.

"Yapsa?"

"Ayi, ikungoyaka n'kuzima."

"Ndiye yakana bwanji poti ikuyaka? Khala apo, tithandize kutongola chimanga."

Ndili pakati potongola ndinakumbukira. Anesi sankandiuza kuti ndisiye kukupiza kutentha kukangotsika pang'ono. Ankadikira kutsike ndithu. Poyambira ndi posiyira sipayenera kukhala pamodzi. Ku koleji anatiphunzitsa zimenezi, ndi nkhani ya rezisita imodzi yokha, yaikulu mphamvu, yochokera kotulukira kwa kachipangizo kogamula kubwerera ku mbali yake imodzi yolowera, kuti fani ikayaka malire asunthe pang'ono. Ndinaiika m'mawa mwake. Tsopano fani imadzuka pa makumi anayi ndi asanu, koma siizima mpaka kutentha kutsike kufika cha m'ma makumi atatu ndi asanu ndi atatu. Ikayamba ntchito imaimaliza.

Thiranki ndinagwiritsa yomwe ija, yakuda ndi utsi m'kati. Koma ulendo uno ndinaiboola. Bowo lalikulu m'munsi mbali imodzi lolowera mpweya wozizira, lina m'mwamba mbali inayo pamene ndinamangapo fani kuti izitulutsa wotentha, popeza mpweya wotentha umakwera wokha. Mabowo onse ndinawatchinga ndi sefa wa waya, kuti makoswe ndi mavu aone pokhala pena. Themisita ndinaimangirira pa chitsulo cha mapiko cha inveta, pamene pamatentha kwambiri, osati pamene pakuwomba mphepo ya fani. Thirankiyo ndinaikweza pa njerwa, kutali pang'ono ndi khoma.

Nkhondo inatsala inali ya nsalu. Amayi a tcheya athu anabwera nayo atachapa, atasita.

"Amake Tadala, tasuntha tivundikire."

"Amayi, pepani, nsalu ayi."

"Ndiye katundu wa Mulungu akhale maliseche?"

"Akhale maliseche amayi, ndi mmene amapumira."

"Ha! Ana a sukulu inu. Mawa mudzatiuza kuti abusa avule jekete."

"Mu Okutobala zikanawathandiza, amayi."

Anaseka mpaka anakhala pansi. Nsalu ija ndi imene mukuiona pa tebulo la kutsogoloyi, ndi maluwa ake.

Okutobala anafika ndi ukali wake wonse. Lamulungu limene makwaya a mipingo yoyandikana anasonkhana kuno, kiyibodi ikulira kuyambira m'mawa, ine sindinaimbe nyimbo ngakhale imodzi. Ndinakhala pa kampando pakhomo pa kachipinda kaja, khutu lili ku thiranki. Dzuwa likukwera, phokoso likukula, fani ili chete. Ndinayamba kuganiza kuti waya wina wathothoka. Ndinatsala pang'ono kutsegula kuti ndiizungulitse ndi chala. A Mbewe anabwera kudzaima pambali panga. Kenako tinamva kamawu kakang'ono, fuu. Ndinaika chikhato pa sefa wa pamwamba, mpweya wofunda ukutuluka.

"Kadzuka," anatero a Mbewe.

Kafani kaja kanazungulira kwa nyimbo zingapo. Nthawi ya ulaliki, zoimbira zitapuma, kanapitirira pang'ono, kenako kanaima kokha. Makwaya atayambiranso, kanadzukanso. Tsiku lonse chivundikiro chinali chofunda chabe, chogwirika. Kuyambira pamenepo ndaikanso zoterezi kwa mnyamata wometa pa msika ndi kwa aphunzitsi ena a ku Pembamoyo, ndipo ndagulanso mita yangayanga. Kamodzi pa mwezi ndimapukuta fumbi pa masefa ndi kamswachi. Mukaona ndaiwala mundikumbutse.

Mvula yoyamba itagwa, amalume anandiitana. Anandiyang'ana m'maso, anandinunkhiza ngati akuseka koma akutsimikiza, n'kunena kuti, "Pompa njinga."

Apa ndi pamene ndikufuna mundithandize, amayi.

Nditafika kwa Zingalume, Tadala anali pabwalo akusewera ndi ana a akulu anga. Wakula, akulankhula. Atandiona anathamanga, koma sanathamangire kwa ine. Anakabisala kuseri kwa chitenje cha a Esinati, n'kumandisuzumira.

"Amama, kwabwera anti."

Akulu anga anayang'ana kumbali. Kenako anati, "Mng'ono wanga, sindikukaniza, mwana ndi wako. Koma taona wekha. Bwanji akhale mpaka tikolole? Uzibwera, akuzolowere pang'onopang'ono."

Mawu awo anali anzeru, ndipo anamulera bwino, anamuchotsa m'manja mwa imfa. Ndinakhala nawo tsiku lonse ndikulimbana nazo mumtima. Koma ndinaona kuti tikakolola padzakhala chifukwa china, ndipo mwana azidzakula akudziwa kuti ndine mlendo wobwera ndi mabisiketi. Ndinati, "Akulu, ndimutenga lero." Sananditsutse. Anamulongedzera tizovala, anamumanga okha kumsana kwanga.

Analira njira yonse mpaka pa mtsinje, akuitana amama, ndipo sankaitana ine. Nsana wanga unanyowa ndi misozi yake. Kawiri konse ndinaima kufuna kubwerera.

Pano tili limodzi. Akudya, akusewera, wapeza anzake. Fani yakufa imene ndinamupatsa amaizungulitsa ndi chala n'kumati ndi ndege. M'mawa uliwonse amafunsabe za a Esinati, ndipo Loweruka lililonse ndimamukweza pa njinga kupita naye, kuti asaone ngati ndinamuba. Akulu anga amatilandira bwino, koma tikamatsanzika amalowa m'nyumba msanga. Dzana analasidwa ndi minga kuphazi, ndipo anabwera akutsimphina, akulira kuti, "Amama, chotseni." Ndinayang'ana kumbuyo kuona ngati akulu anga abwera. Panalibe wina. Ankanena ine.

Mowa sindinaulawe kuyambira pa maliro paja, ndipo ndikupempha Mulungu ndi inu kuti mundigwire dzanja. Koma za mwanayu mtima sunakhazikike. Inu amene munalerapo ana a abale anu, ndi inu amene ana anu analeredwapo ndi ena, ndiuzeni mosandinyengerera. Kodi ndikanadikira mpaka tikolole? Kapena ndinachita bwino kumutenga tsiku lomwe lija, akulira?